Kutsika Khwekhwelere: Masiku Atatu ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka

Tinali anthu asanu ndi mmodzi, mabanja awiri ndi amayi awiri a Dorika, tonse a mpingo umodzi ku Lilongwe. Kwa miyezi inayi tinkasonkha kangachepe kuti tidzapiteko kokapuma, pakuti timaphunzitsa anzathu za ubwino wa mpweya wabwino, dzuwa ndi mpumulo, koma ife eni sitinkapuma. Tinasankha chigwa cha Dedza cha kunyanja, ndipo tinanyamuka Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala.

Cholakwa chathu choyamba chinali kuchedwa. Tinati tinyamuka 12 koloko, koma 2 koloko inatipeza tikumangabe katundu. Titadutsa pa boma la Dedza tinaima m'mbali mwa msewu wa M1 kugula mbatatesi, kabichi ndi tomato, popeza mawa lake sitikanagula kanthu. Kamphepo ka kumapiri kanali kayaziyazi. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500. Kusiyana kumeneku munthu amakumva m'thupi asanathe ola limodzi.

Pa Masasa tinakhotera kumanzere, kulowa msewu wotsikira ku Golomoti umene anthu amautcha Khwekhwelere. Msewuwu ndi wa tala, koma umapindika ngati njoka. Pa khona iliyonse chigwa chimatseguka pansi panu: midzi, mitengo ya malambe, ndi nyanja ikung'anima patali. M'mbali mwa msewu amisiri amagulitsa timagalimoto ndi tinjinga tosema ndi mitengo.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo tonse tinkafuna kuti Sabata litipeze titafika. Abambo amene ankayendetsa anayamba kuthamanga, phazi lili pa buleki nthawi yonse. Posakhalitsa tinamva fungo ngati la mphira wopserera.

"Bambo, taimani kaye," anatero akazi awo. "Kuli bwino tilandirire Sabata pamsewu pompano kusiyana ndi kukalandirira m'chipatala."

Anaima pamalo otakasuka, ndipo matayala akutsogolo anali otentha osakhudzika. Tinadikira kuti azizire. Mnzathu wina amene anayendetsapo malole anatifotokozera kuti mabuleki akapondedwa mosalekeza pamtsetse wautali amatentha mpaka kuleka kugwira. Chofunika ndi kuika giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto. Tinatsika motero, pang'onopang'ono, ndipo tinafika kumalo ogona pafupi ndi Golomoti dzuwa likulowa. Tinaimba nyimbo yotsegulira Sabata zikwama zili m'manja.

Usiku umenewo tinadziwa kuti tafikadi kuchigwa. Kunatentha moti majuzi amene tinavala ku Dedza anasanduka katundu wachabe. Tinali titanyamula maneti, ndipo asanu tinawamanga. Mchimwene wathu mmodzi anakana, nati neti imamutsekera mpweya. Tinamuuza kawiri, kenaka tinamusiya.

Pa Sabata m'mawa tinapemphera ndi abale a kampingo kena kakang'ono ka m'deralo. Anatilandira ndi nsima ya ndiwo za nyemba ndi chisoso, ndipo anatiseka poona mmene tinkatulukira thukuta. Iwo ndiwo anatilangiza kuti tisayende masana dzuwa lili paliwombo. Mayi mmodzi mwa ife anali atayamba kale kumva mutu ndi chizungulire. Titamufunsa, anavomera kuti chidzukireni sanamwe madzi. Kumalo otentha musadikire ludzu. Mukaona mkodzo wachepa ndipo uli wachikasu kwambiri, dziwani kuti thupi likupempha madzi. Tinamukhazika pamthunzi, namwa madzi pang'onopang'ono, ndipo pofika madzulo anali bwino. Madzi athu onse tinali titathira mankhwala a kolorini, chifukwa si chitsime chilichonse chimene mlendo angachikhulupirire.

Dzuwa litafooka tinayenda wapansi pakati pa mitengo ya malambe. Panalibe wothamangira minibasi, panalibe woyang'ana foni. Tinakamba nkhani zimene pakhomo la tchalitchi sizipeza nthawi: za ana amene akutisowetsa tulo, za ngongole, za makolo odwala kumudzi. Mpumulo umene tinkaufuna tinaupeza pa kuyenda kumeneko.

Lamulungu tinalawirira kulowera kumpoto pa msewu wa M5. Pafupi ndi Golomoti pali munda waukulu wa mapanelo opangira magetsi a dzuwa, wa mamegawati 20, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Dzuwa lomwe linatifooketsa dzulo lake ndi limene likuyatsa nyali m'nyumba za anthu. Kenaka tinapatuka kukwera ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902. Pamalopa pali chipatala, sukulu ya ana osamva, ndi Kungoni Centre imene bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa kwa munthu mpaka maliro ake. Si zonse zili mmenemo zimene ife timatsata, koma tinatulukamo tikuwamvetsa bwino agogo athu ndi anansi amene timawayendera m'midzi. Chakumunsi kwa mishoni umayenda mtsinje wa Nadzipokwe, ndipo mthunzi wa pamenepo unatitsitsimula.

Ku Mtakataka tinakumbukira kuti kumeneku ndi kwa Inkosi Kachindamoto. Mayi Theresa Kachindamoto anadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu. Tinagula mpunga, kenaka tinatsata msewu wafumbi mpaka kunyanja. Asodzi anatitsatsa kampango ndi milamba, ife tinasankha usipa ndi chambo. Madzi ankakopa, koma pagombe pamene tinafika panali bango ndi madzi odekha. M'malo otere mumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tizilomboti timalowa pakhungu munthu akungosamba kapena kuchapa. Tinakhala pamchenga n'kumangoyang'ana. Amene mwalowapo m'madzi otere, pitani kuchipatala mukafotokoze. Mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Pobwerera tinakwera Khwekhwelere kudakali kowala, ndipo tinafika kunyumba bwinobwino. Koma ulendowu unali usanathe. Patapita masiku 12, mchimwene wathu wokana neti uja anayamba kunjenjemera, mutu ukuwawa, thupi lili moto. Iye ankati ndi chimfine. Akazi awo anakumbukira usiku wa ku Golomoti ndipo anamutengera kuchipatala tsiku lomwelo. Atamuyeza magazi anamupeza ndi malungo, namupatsa mankhwala a LA, ndipo anamaliza onse monga anamuuzira. Malungo satulukira pompopompo. Amatha kubisala sabata imodzi kapena kuposerapo. Choncho mukatentha thupi mutabwera kunyanja, kayezetseni msanga, ndipo muwauze a chipatala kumene munapita.

Tayamba kale kusonkha za ulendo wina. Pa pepala la zokonzekera talemba zinthu zinayi: kunyamuka m'mawa, kuonetsa mabuleki kwa makaniko, chigubu cha madzi otetezedwa, ndi neti ya munthu aliyense. Amene wadzipereka kunyamula manetiwo ndi mchimwene wathu yemwe uja.