Kudzutsa galimoto ya mpingo imene inagona zaka zambiri

Aliyense amene amayendera mipingo ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anaonapo galimoto itaima kuseri kwa nyumba ya abusa, matayala ataphwa, udzu utamera pansi pake, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa woyendetsa. Zina mwa galimoto zimenezi zinafika pambuyo pa pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, pamene anthu athu anali kubwerera kuchokera ku Malawi ndi kumanganso midzi ndi matchalitchi. Zinanyamula njerwa, malata, odwala ndi maliro, kufikira tsiku limene chitsulo chimodzi chinafa ndipo ndalama yogulira china inasowa. Ife pa mpingo wathu tadzutsa imodzi ya izo, ndipo tafuna kufotokoza mmene ntchitoyo inayendera, kuti mipingo imene ili ndi maganizo omwewo idziwe poyambira.

Yathu ndi Toyota Hilux yotsegula kumbuyo, imene ambiri kuno timaitcha karinya. Ndi ya dizilo, ya injini ya malita 2.8, mtundu umene unkapangidwa pakati pa 1988 ndi 1997. Inaima pamene pampu ya dizilo inaonongeka, m'chaka chimene chopereka chonse chinapita ku denga la tchalitchi, ndipo inakhala pamalo amodzi zaka zoposa zisanu. M'zaka zimenezo nyumba za mapemphero zakutali zinkadikira Mgonero wa Ambuye miyezi yambiri, amayi apakati ankapita ku chipatala cha ku Ulónguè pa ngolo kapena pa njinga yamoto, ndipo pa maliro tinkabwereka galimoto pa mtengo umene unkasautsa anamfedwa. Ichi n'chimene chinachititsa bwalo la mpingo kuvomereza kuti ntchito iyambe.

Kuyendera tisanagule kanthu

Nehemiya atafika ku Yerusalemu anayamba wayendera malinga ogumuka usiku, asanaitane munthu aliyense ku ntchito. Ambuye wathunso, pa Luka 14, anaphunzitsa kuti womanga ayambe wawerengera mtengo. Motero tinaitana makaniko wodziwa injini za dizilo, ndipo tinamulipira tsiku lathunthu la kuyang'ana kokha, pamaso pa akulu a mpingo awiri ndi msungichuma. Choyamba anagona pansi ndi kugogoda chasisi ndi hamala kuchokera kutsogolo kufikira kumbuyo, makamaka pamene masipuling'i amagwira. Anatiuza kuti chasisi chikadyeka ndi dzimbiri, ndalama ina iliyonse ingotayika, pakuti ndicho msana wa galimoto. Chathu chinapezeka cholimba.

Achinyamata ena anafuna kubweretsa batire tsiku lomwelo kuti amve injini ikulira, koma makaniko anakana. Injini ikagona zaka, oyilo yense amatsikira pansi ndipo zitsulo za m'kati zimauma, mwina kugwirana ndi dzimbiri. Kuiliza mokakamiza kungakande masilinda kapena kuthyola mphete za mapisitoni. Iye anachotsa mapulagi otenthetsera, nathira oyilo pang'ono m'silinda iliyonse mwa zinayi, nadikira masiku angapo. Kenaka anazungulitsa injini ndi sipanala, pang'onopang'ono, kufikira inazungulira yonse popanda kukakamira. Pamenepo m'pamene tinalemba mndandanda wa zogula ndi mitengo yake, ndipo unawerengedwa pamaso pa mpingo wonse tsiku la Mulungu.

Injini ndi mafuta

Dizilo wokhalitsa sakhulupirika. Chinyezi chimalowa m'thanki, madzi amakhala pansi, ndipo pamene madzi akumana ndi mafuta pamamera ndere yakuda imene imatseka sefa ndi kuononga pampu. Thanki inatsitsidwa, kutsukidwa ndi kuumitsidwa, ndipo sefa ya dizilo, ya oyilo ndi ya mpweya zinasinthidwa. M'bokosi la sefa ya mpweya munapezeka chisa cha makoswe ndi zitsononkho, ndipo mawaya angapo anali atadyedwa. Waya wosendeka angayambitse moto, chotero aliyense analondoledwa ndi kulumikizidwa mwatsopano. Pampu inatumizidwa ku mzinda wa Tete kwa amisiri amene ali ndi makina oyesera, chifukwa chitsulo chimenechi sichimasulidwa pansi pa mtengo pamene pali fumbi.

Lamba wa mano wa m'kati mwa injini, amene amagwirizanitsa mapisitoni ndi mavavu, ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse pa injini za mtundu uwu. Wathu anali asanakwanitse mtunda umenewo, koma labala imakalamba ngakhale isakugwira ntchito. Lambayu akaduka injini ikulira, mapisitoni amamenya mavavu, ndipo mtengo wokonzera umaposa wa lamba kangapo konse. Tinamusintha pamodzi ndi mapaipi onse a madzi, rediyeta inatsukidwa, ndipo tinagula batire latsopano ndi mapulagi otenthetsera. Kuno ku mapiri, m'mawa wa Juni ndi Julayi, injini ya dizilo yopanda mapulagi abwino siidzuka.

Mabuleki patsogolo, utoto pambuyo

Injini italira, ambiri anaganiza kuti ntchito yatha, ndipo ena anapempha kuti ndalama yotsala igule utoto ndi kulemba dzina la mpingo pa zitseko. Bwalo linagamula kuti mabuleki ayambe. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake amasinthidwa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Madzi amenewo amadyetsa dzimbiri m'kati, ndipo pa mtsetse wautali, mabuleki akatentha, amawira, phazi n'kungofika pansi galimoto osaima. Amene anatsikapo kuchokera ku Ulónguè kudzera pa Mussacama kupita ku Moatize atanyamula katundu akudziwa tanthauzo la zimenezi. Tinasintha mafutawo, malabala, mapaipi ofewa ndi mapadi onse, ndipo buleki ya m'manja, imene inali itagwira, inamasulidwa.

Matayala anali ndi mapanga ooneka bwino, koma m'mbali munali ming'alu. Pa tayala lililonse lopangidwa kuyambira 2000 pamalembedwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2312 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2012. Opanga matayala amalangiza kuti lopitirira zaka 10 lisagwiritsidwe ntchito, ngakhale likuoneka latsopano. Tinagula atsopano, tinasintha oyilo wa m'giyabokosi ndi wa m'madifu, ndipo mfundo zonse zinathiridwa girizi. Utoto unadikira masika otsatira.

Zimene tinaonjezera

Popeza galimotoyi imanyamula anthu kawirikawiri, wowotcherera anatipangira mafelemu achitsulo kumbuyo, ndipo tinaikapo lona yotchinga mvula ndi dzuwa. Mabenchi awiri anamangidwa ndi mabawuti ku chitsulo cha pansi, ndipo pakati pamakwana matiresi a wodwala kapena bokosi la maliro. Tinaonjezera tayala lachiwiri lapadera, chozimira moto, chingwe chokokera, ndi switchi yodula batire galimoto ikaima masiku ambiri. Masipuling'i a kumbuyo amene anali atawerama anasinthidwa. Panali maganizo akuti tiikepo ochulukirapo kuti inyamule matumba ambiri a mbatata ya kachewere, koma makaniko anatikumbutsa kuti masipuling'i olimba saonjezera mphamvu ya mabuleki. Kulemera kumene galimoto iyenera kunyamula kunalembedwa mu livrete, ndipo karinya za mtundu uwu zimanyamula pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50, anthu okwera akuwerengedwa momwemo.

Mapepala a boma

Galimoto ya mpingo ikhale chitsanzo pa msewu. Isanatuluke pa chipata tinaonetsetsa kuti livrete ndi título de propriedade zilipo ndipo zili m'dzina la mpingo, osati la munthu. Zimachitika kuti galimoto yopatsidwa ngati mphatso imakhalabe m'dzina la amene anachoka kale kapena anamwalira, ndipo mkangano umabuka pambuyo pake. Tinalipira seguro ndi msonkho wa pachaka, galimoto inapita kukayesedwa ku inspecção, ndipo m'kati timasunga matirayango awiri ndi chovala chonyezimira monga lamulo likufunira.

Kuti isagonenso

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mpingo umene wafuna galimoto wafunanso dizilo, oyilo ndi matayala, chaka ndi chaka. Galimoto zambiri za mipingo zimafa chifukwa aliyense amaikwera koma palibe amene inaikidwa m'manja mwake. Bwalo lathu linasankha komiti ya anthu atatu, mmodzi wa iwo wochokera ku Chigwirizano cha amayi. Pali woyendetsa mmodzi wokhala ndi chiphaso, ndi womuthandiza mmodzi, ndipo makiyi sapita kwa wina aliyense, ngakhale wa kubanja la abusa. M'galimoto muli kope lolembamo tsiku, kumene yapita, makilomita ndi mafuta amene athiridwa. Wobwereka pa ntchito yake amalipira malinga ndi mtunda, ndipo gawo la ndalamayo limasungidwa padera kuti likhale la zokonzera zokha. Pa wodwala mwakayakaya galimoto imanyamuka nthawi yomweyo, za ndalama zimakambidwa pambuyo. M'nyengo ya dzinja, pamene misewu ina siipitika, imayendetsedwabe kamodzi pa sabata kufikira injini itatentha bwino.

Ndalama ya ntchito yonseyi inachokera kwa akhristu eni ake. Ena anapereka ndowa za chimanga ndi nyemba pa masika, achinyamata anaumba njerwa za chigafa choikamo galimoto, ndipo amayi anaphikira amisiri masiku onse a ntchito. Mutu umodzi susenza denga.

Tikupempha mabwalo a mipingo imene ili ndi galimoto yogona kuti aike nkhaniyi pa msonkhano ukubwerawu. Itanani mmisiri wokhulupirika aone chasisi ndi injini. Ngati n'zotheka kuidzutsa, werengerani mtengo ndipo yambani ndi zimene zimasunga moyo wa okwera. Ngati sizitheka, igulitseni poyera, mpingo ukudziwa, ndalamayo igwire ntchito ina, pakuti chaka chilichonse chimene ikhala pa udzu mtengo wake ukutsika. M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, wantchito amene anadzudzulidwa sanabe kanthu. Anangokwirira chimene anapatsidwa. Ambuye atipatse nzeru ndi kukhulupirika posamala zimene waika m'manja mwathu.