MMENE MAKOMBONI A MU LUSAKA ANAYAMBIRA

Munthu wocokera ku Petauke, ku Katete kapena ku Lundazi akatsika basi mu Lusaka safunsa njira ya ku Kabulonga. Afunsa ya ku Kanyama, ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere, pakuti ndiko kuli abale ace. Anthu ambiri a mumzindawu akhala m'makomboni, koma ndi ocepa amene adziwa ciyambi cace ca malo amenewa.

Njanji yocokera ku Livingstone inafika pamalo pali mzindawu m'caka ca 1905. Panali cabe poima sitima, ndipo anapacha dzina la nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wace unali pafupi. Masiku amenewo dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, imene inagulitsa malo ozungulira kwa alimi acizungu. Kampaniyo inakhazikitsanso msonkho, ndipo mwamuna wopanda ndalama anayenera kusiya mudzi kukafuna nchito kumafamu, kumigodi, kapena kutali ku Salisbury ndi ku Joni.

M'caka ca 1931 Boma la atsamunda linasankha Lusaka kukhala likulu, ndipo linasamuka ku Livingstone mu 1935. Pulani ya mzinda anajambula ndi Professor Adshead wa ku London: miseu yotakata, mitengo, nyumba za mabwalo akulu. Koma munthu wakuda anawerengedwa mlendo wodzagwira nchito cabe. Anayenda ndi citupa, nyumba inali ya bwana, ndipo nchito ikatha anayenera kubwerera kwao. Tinyumba tozungulira ta udzu timene tatsala ku Kabwata tionetsa kukula kwa malo amene Boma linaganizira mwamuna mmodzi wopanda mkazi ndi ana.

Koma mzinda sumangidwa ndi anthu owerengeka. Panafunika oumba njerwa, ophwanya miyala, ochentha laimu, ophika ndi ocapa, ndipo onsewa anafuna pogona. Apa eni mafamu ndi makontilakita anaona phindu. Analola anchito ao kumanga zisakasa pamalo ao, kunja kwa malire a mzinda kumene malamulo a kanselo sanafike, ndipo pambuyo pace anayamba kulandira lendi kwa aliyense wofuna malo. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri ali ndi maina a Azungu. Marrapodi anali Mtaliyana wochentha laimu, John Laing ndi John Howard anali makampani omanga, George anali mwini malo, ndipo Chawama poyamba inkachedwa Roberts. Mwini malo analandira ndalama, koma sanaike mpopi, ngalande kapena mseu.

Lamulo la 1948 ndilo linakakamiza makanselo ndi olemba nchito kupeza nyumba za anchito okwatira, ndipo Matero inamangidwa m'zaka zotsatira. Nyumbazo zinali za olembedwa nchito okha. Wogulitsa makala, mmisiri wodzilemba yekha ndi mai wamasiye anatsalabe kukomboni.

Ufulu utabwera mu 1964, citupa cinatha ndipo anthu anayenda momasuka. Mu 1963 Lusaka inali ndi anthu pafupifupi 123,000; pofika 1969 anapitirira 260,000, ndipo mu 1980 anapyola theka la miliyoni. Kanselo inalephera kumanga nyumba zokwanira. Poyamba akulu a Boma anayesa kugwetsa zisakasa ndi kusamutsa anthu. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 kuti ilandire a ku Kalingalinga, koma Kalingalinga siinathe, pakuti ocoka analowedwa m'malo ndi obwera.

Boma linasintha maganizo mu 1974. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lozindikira makomboni ena kukhala malo oyenera kukonzedwa, ndipo mwini nyumba anatha kulandira cikalata comulola kukhalapo zaka 30. Ndi ngongole ya World Bank, miseu inalambulidwa ndi mipopi inaikidwa mu Chawama, George ndi Chaisa, eni ace akuthandiza kusankha modzera miseu. Imeneyi inali nzeru yabwino, ngakhale inadza mocedwa. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015.

Vuto limene silinathe ndi la nthaka. Azungu anadzitengera mtunda wa kum'mawa, nasiyira anthu akuda cidikha ca kumadzulo ndi kumwera, kumene pansi pali thanthwe la laimu ndipo madzi ali pafupi. Ku Kanyama kukumba cimbudzi cakuya nkobvuta. Mvula ikagwa madzi saona kopita, zimbudzi zisefukira, ndipo zonyansa zilowa m'zitsime zosaya zimene anthu atungamo. Kolera ya 2017 ndi 2018 inasautsa kwambiri Kanyama, ndipo inabweranso mwamphamvu kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024, kufikira bwalo la masewera la Heroes linasanduka cipatala.

Ngakhale ziri tero, anthu akali kubwera. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Wobwera lero sasonyeza citupa kwa wina aliyense, koma malo opanda mwini kulibenso: ayamba ndi kacipinda kamodzi ka lendi kuseri kwa nyumba ya wina, ndipo madzi agula pa cigubu kumpopi wa komboni.