Madzi saiwala khwawa, chenjezo lifike kumudzi

Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje, munthu wa ku Makhanga m'boma la Nsanje akhoza kukagona kunja kuli nyenyezi koma n'kudzuka madzi ali m'nyumba. Mtsinje wa Ruo umatenga madzi a m'phirimo n'kukathira mu Shire pa Chiromo, ndipo ukadzadza umatchinga Shire mpaka madzi kubwerera m'minda ndi m'midzi. Chomupulumutsa munthuyu ndi uthenga woyenda msanga kuposa madziwo.

Uthengawu umadutsa m'manja ambiri. Namondwe akabadwa m'nyanja ya mchere ya India, akatswiri a pachilumba cha La Réunion ndiwo amamulondola n'kudziwitsa maiko a kuno. Nthambi yathu yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imaunika komwe mvula igwe komanso kuchuluka kwake. Koma kudziwa za mvula si kudziwa za mtsinje. Imeneyo ndi ntchito ya nthambi yoona zamadzi, yomwe ili ndi zoyezera m'mitsinje ndipo imatha kuona kuti madzi akukwera bwanji. Kenaka nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya Dodma imatumiza chenjezo kwa abwanamkubwa, makhonsolo ndi makomiti a m'madera, kwinaku ikukonzekera ndi asilikali, apolisi apamadzi ndi a Red Cross. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mmodzi mwa awa akachedwa, khama la ena onse limapita pachabe.

Kuchokera mu Januwale 2015, pomwe madzi osefukira adakhudza maboma 15, zinthu zasinthako ndithu. Zipangizo zoyezera mvula ndi madzi zidawonjezereka, machenjezo amamveka pawailesi ndi pafoni, ndipo m'madera ena anthu a kumtunda amaonera ndodo yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira mumtsinje n'kuimbira anzawo a kumunsi madzi akafika pofiira.

Komabe namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa pomwe pali chilema. Chenjezo lidatuluka kudakali masiku angapo. Chikhalirecho anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje, ambiri sadaphedwe ndi mtsinje wosefukira koma matope ndi miyala yogumuka m'mapiri. Anthu adamva kuti kukubwera chimvula. Chomwe ambiri samadziwa n'chakuti malo awo enieniwo ndiwo ali pachiopsezo, komanso kuti athawire kuti.

Apa ndiye pagona nkhani. Mawu oti "samukirani kumalo okwera" ndi osavuta kulengeza muofesi. Mayi wa ana anayi, yemwe ali ndi mbuzi m'khola ndi chimanga m'munda, amafuna kudziwa zambiri: malo okwerawo ndi ati, adutse njira iti, kumeneko akadya chiyani, nanga katundu wotsala amulondera ndani? Mafunso amenewa sangayankhidwe ndi a zanyengo. Ndi a khonsolo, mafumu ndi makomiti a m'midzi, ndipo ayenera kuyankhidwa mu Okutobala, osati usiku madzi atafika pakhomo.

Aphunzitsife timadziwa kuti ngozi ikagwa, pothawira poyamba ndi pasukulu. Makalasi amasanduka nyumba, zimbudzi zimadzadza, maphunziro amaima kwa masabata. Nanga bwanji ofesi ya zamaphunziro, ya zaumoyo ndi khonsolo osakhalira pamodzi dzinja lisanafike, n'kugwirizana kuti ndi sukulu ziti zidzalandire anthu, madzi akumwa adzachokera kuti, ndipo ana adzaphunzirira pati? Ophunzira nawo ndi amithenga abwino. Mwana amene waphunzira tanthauzo la utoto wofiira pandodo ija amakafotokozera banja lonse.

Mu 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loyendetsera nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kulowa m'malo mwa la 1991 lomwe lidatsamira kwambiri pa kupereka thandizo zinthu zitaonongeka kale. Lamuloli n'labwino, koma lidzaoneka phindu lake komiti ya m'mudzi ikadzakhala ndi chimkuzamawu chogwira ntchito, foni ya mayunitsi ndi njinga.

Madzi saiwala khwawa. Pomwe adadutsa mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023 adzadutsanso. Mufunseni mfumu yanu sabata ino: komiti yathu ndi ndani, ndipo tikamva chenjezo tizikakumana pati?