Maola 1,200 pa chaka: nthawi ya wophunzira watsopano ku Pretoria West

PRETORIA – Chaka chilichonse, mwezi wa February ukamayamba, msewu wa Staatsartillerie ku Pretoria West umadzaza ndi achinyamata amene akukayamba maphunziro pa Tshwane University of Technology, yomwe mwachidule imatchedwa TUT. Sukulu ya ukachenjedeyi inakhazikitsidwa pa 1 January 2004 pophatikiza Technikon Pretoria, Technikon Northern Gauteng ndi Technikon North-West.

Pakati pa achinyamatawa pamakhalanso ochokera m'mayiko ena a kum'mwera kwa Africa. Njira yawo inalambulidwa ndi pangano la zamaphunziro limene mayiko a SADC anasainirana ku Blantyre mu 1997, lomwe limapempha dziko lililonse kusungira ophunzira a mayiko anzake malo osachepera 5 mwa 100 alionse m'mayunivesite ake. Wochokera ku Lilongwe, Chipata kapena Tete sasintha wotchi akafika ku Pretoria, pakuti nthawi ndi imodzimodzi. Chimene chimasintha ndi mwini wa nthawiyo. Ku sekondale belu ndi aphunzitsi ndiwo ankalamula tsiku lonse. Kuno palibe womudzutsa kapena womufunsa chifukwa chimene wajombera.

Kuchuluka kwa ntchito kunawerengedwa kale. Malinga ndi dongosolo la bungwe loona za ziyeneretso zamaphunziro la SAQA, phunziro lililonse lili ndi makirediti, ndipo kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito. Chaka chimodzi chimakhala ndi makirediti 120, kutanthauza maola 1,200. Ngati maolawa agawidwa m'masabata 30, wophunzira ayenera kugwira maola 40 pa sabata, mofanana ndi munthu wapantchito.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Ndandanda ya makalasi imaonetsa gawo lochepa chabe la maola amenewa. Otsalawo ndi owerenga payekha, olemba ntchito zimene aphunzitsi apereka ndiponso okonzekera mayeso, ndipo salembedwa paliponse. Wophunzira akaona kuti Lachitatu ali ndi kalasi imodzi yokha amayesa tsikulo ndi lopuma, chonsecho maolawo ali ndi ntchito yake kale.

Zotsatira zake zimaonekera msanga. Pa TUT, malikisi a mayeso ang'onoang'ono ndi a ntchito za m'kati mwa semesita amaphatikizidwa, ndipo kawirikawiri amene sanafike pa 40 mwa 100 saloledwa kulemba mayeso omaliza a phunzirolo. Choncho chizolowezi chodikira sabata yomaliza n'kumachezera usiku wonse pa mabuku, chomwe chinapulumutsa ena pa mayeso a MSCE, kuno sichithandiza: khomo limakhala litatsekedwa kale.

Lipoti la bungwe la Council on Higher Education la mu 2013 linapeza kuti mwa ophunzira anayi alionse a m'mayunivesite a ku South Africa ophunzitsa pamasom'pamaso, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankamaliza pa nthawi yoikika. Sichingakhale chilungamo kunena kuti onsewo analephera kusamala nthawi, chifukwa umphawi, njala ndi kusakonzekera bwino ku sekondale zili ndi mbali yaikulu. Komabe nthawi ndi imene wophunzira angathe kuigwira ndi manja ake.

Kwa mlendo, kubwereza chaka n'kowawa kwambiri. Kumafuna kulipiranso fizi, malo ogona ndi inshuwalansi ya chipatala, komanso kuwonjezera chiphaso chokhalira m'dzikomo, zonsezi m'marandi. Makolo a ku Malawi anamva kulemera kwake mu November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ena amafuna maganyu kuti adzithandize, ndipo lamulo limalola mwini chiphaso cha maphunziro kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata. Amenewa akawonjezeredwa pa 40 aja akukwana 60, osawerengera ulendo. Amene amagona ku Soshanguve, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzindawu, amataya maola enanso pa basi kapena minibasi tsiku lililonse.

Chimene chimathandiza si chachilendo. Kumayambiriro kwa semesita phunziro lililonse limapereka kabuku kofotokoza ntchito ndi mayeso ake. Wophunzira akalemba masiku onsewo pa kalendala imodzi, amaona msanga sabata imene mayeso atatu awunjikana, n'kuyamba kukonzekera kusanache. Maola awiri a pakati pa makalasi amapindula m'laibulale kuposa usiku, thupi litatopa.

Semesita yoyamba ndi yaifupi kuposa mmene imaonekera. Pakati pa February ndi mayeso a pakati pa chaka pali tchuthi cha pa 21 March, nyengo ya Pasaka, tchuthi cha pa 27 April ndi cha pa 1 May. Masiku a makalasi amachepa, koma maola 600 a theka la chakalo sachepa.