Liu la "press": limvetseni musanadinde cala

Alimi ndi akhristu anzathu, pali liu lina la Cizungu limene timakumana nalo kawili-kawili pa lamya, pa wailesi, ku polisi ngakhale pogulitsa mbeu. Liu lake ndi "press". Ambili timaganiza kuti litanthauza atolankhani cabe, koma lili ndi matanthauzo ambili, ndipo kusokoneza limodzi kungakuluzitseni ndalama kapena mlandu.

Liuli linacokela ku Cilatini, n'kudzela m'Cifalansa. Tanthauzo lake loyamba ndi kukanikiza kapena kufinya, ndipo ena onse anaphuka pamenepa.

Tiyambe ndi kumunda. Makina a manja ofinyila saladi ku mpendadzuwa, amene kuno timawacha Yenga, ndi press. Makina a mtundu umenewu anawapanga Carl Bielenberg ku Tanzania mu 1985. Mukatsitsa mkono wake wa citsulo, njele zimafinyika, mafuta n'kutuluka, ndipo keke yotsala imakhala cakudya ca nkhuku ndi nkhumba. Makina opanikiza thonje kapena fodya kuti akhale belo naonso ndi press. Mai akamachisa yunifomu ya mwana ndi nsimbi ya malasha, m'Cizungu amati acita press.

Owelenga Baibulo adziwa za mopondela mphesa, malo amene Azungu amati winepress. Ngakhale dzina la munda wa Getsemane, kumene Ambuye Yesu anapemphela asanagwidwe, litanthauza mofinyila mafuta a olivi.

Nanga atolankhani alowa bwanji m'nkhaniyi? Ca m'ma 1450, Johannes Gutenberg wa ku Mainz m'dziko la Germany anatengela nzelu ya makina ofinyila mphesa. Iye anayamba kukanikiza pepala pa zilembo za citsulo zopakidwa inki, ndipo ca m'ma 1455 anatulutsa Baibulo la Cilatini. Makinawo anachedwa press. Pambuyo pake dzinali linapita ku nyumba zosindikizila mabuku, monga Mission Press ya ku Ndola, imene a Franciscan anayambitsa mu 1970 ndipo inachuka ndi magazini ya Cibemba ya Icengelo. Kucoka apo, nyuzipepala ndi ozilemba anachedwanso press, ndipo lelo atolankhani a pa wailesi naonso ali m'gulu lomweli.

Conco mukamva kuti nduna yaitanitsa press conference, ndiye kuti ifuna kukamba ndi atolankhani. Press freedom ndi ufulu wao wofalitsa nkhani, umene ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imauteteza. Tsiku la ufuluwu ndi 3 May caka ciliconse, pokumbukila mfundo zimene atolankhani a mu Africa anagwilizana ku Windhoek mu 1991. Ufulu umenewu ukhudza inunso. Feteleza akacedwa kapena malipilo a cimanga akasowa, mau a mlimi amafika kwa akulu-akulu kupyolela mwa atolankhani.

Tsopano tifike pofunika kusamala. Coyamba ndi ku polisi. Wapolisi akakufunsani ngati mufuna "press charges", sakamba za nyuzipepala ai. Afuna kudziwa ngati mufuna kuti mlandu upite patsogolo mpaka ku khoti. Musayankhe musanamvetse, maka-maka ngati ng'ombe zanu zabedwa kapena mwana wacitilidwa nkhanza.

Caciwili ndi pa lamya. "Press 1" ndi kutobwanya nambala 1, ndipo pa mobile money kutobwanya kamodzi kokha kungatumize ndalama zanu zonse za nshawa kwa munthu wosam'dziwa. Wina akakuimbilani n'kukuuzani manambala oti mutobwanye, kapena akapempha PIN yanu, dulani lamya.

Cacitatu ndi pa mapepala a ngongole ya mbeu ndi mankhwala. Kalaliki akaloza pepala n'kunena kuti "press here", afuna cidindo ca cala canu. Cidindoco cili ndi mphamvu ngati siginecha, ndipo cingakumangeni pa mtengo umene simunaumve.

Cizungu si cathu, ndipo palibe manyazi kupempha kuti akumasulileni m'Cinyanja. Itanani mwana wa sukulu, katekisiti kapena wapampando wa kopaletivu akuwelengeleni. Kambilanani zimenezi ku mphakati sabata ino. Akulu anati kufunsa ndi kudziwa njila, motelo funsani cala cisanakhudze inki.