Janina woyendetsa ndege ndi chipilala cha ku Johannesburg

Ana inu a ku Rustenburg, tsiku lina makolo anu akadzapuma ntchito ya ku mgodi n'kukutengani ulendo wa ku Johannesburg, mudzawapemphe kuti mukapatukire m'dera la Melrose, pa paki yotchedwa James and Ethel Gray. Ndi ulendo wa maola pafupifupi awiri pa galimoto. Pamenepo pali chipilala chimene chinaimikidwa mu 1981 pokumbukira anthu amene anaphedwa ku Katyn. Katyn si mudzi wa ku South Africa kapena wa kwathu ku Malawi ayi. Ndi nkhalango ya ku Russia, pafupi ndi mzinda wa Smolensk, ndipo ophedwawo anali asilikali a dziko la Poland. Nanga chipilala chawo chikutani kuno, kutali chonchi? Kuti mumvetse, ndikuuzeni kaye za mmodzi mwa iwo.

Dzina lake anali Janina Lewandowska, ndipo anabadwa pa 22 Epulo 1908. Bambo ake, Józef Dowbor-Muśnicki, anali mkulu wa asilikali wotchuka kwambiri ku Poland. Janina anakulira m'mudzi wa Lusowo, pafupi ndi mzinda wa Poznań. Ankakonda kuimba, mpaka anapita kusukulu ya nyimbo, koma ntchito anaipeza ku positi ofesi. Mtima wake wonse unali kumwamba, kumitambo. Akaweruka ankathamangira ku bwalo la ndege. Anaphunzira kuuluka ndi ndege yopanda injini, imene imangoyandama pamphepo ngati kamtema, kenako ndege ya injini. Anaphunziranso kudumpha kuchoka m'ndege ndi parachuti, chinsalu chachikulu chimene chimatambasuka ngati ambulera n'kumutsitsa munthu pang'onopang'ono. Masiku amenewo akazi ochita zoterezi unkachita kuwawerenga ndi zala. Mu 1939 anakwatiwa ndi woyendetsa ndege mnzake, Mieczysław Lewandowski.

Banja lawo silinathe ngakhale miyezi itatu lili pamtendere. Pa 1 Seputembala 1939 asilikali a Germany analowa m'dziko la Poland kuchokera kumadzulo, ndipo apa m'pamene inayambira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, yomwe ija inatenganso agogo athu ena a ku Nyasaland kupita nawo ku Ethiopia ndi ku Burma. Pa 17 Seputembala asilikali a Soviet Union, dziko lalikulu limene likulu lake linali Moscow, analowa kuchokera kum'mawa. Poland inapanikizika pakati ngati chala pachitseko. Janina anali atalowa m'gulu la asilikali a ndege, ndipo mwezi womwewo iye ndi anzake anagwidwa ndi asilikali a Soviet.

Tsono apa mvetsetsani bwino. Msilikali akagwidwa pankhondo n'kutula pansi mfuti yake, amatchedwa mkaidi wa pankhondo. Iyeyu si chigawenga, sanabe kanthu, amangomenyera dziko lake. Mayiko ambiri anagwirizana ku Geneva mu 1929 kuti munthu wotere azipatsidwa chakudya ndi mankhwala, aziloledwa kulembera makalata abale ake, ndipo nkhondo ikatha azibwezedwa kwawo. Soviet Union sinasaine nawo panganolo. Komabe lamulo lakuti wogonja saphedwa ndi lakale kuposa pepala limeneli. Ngakhale inu pamasewera mukudziwa kuti mnzanu akati "ndagonja", mumamusiya.

Janina anamutsekera ku Kozelsk, m'nyumba zakale za amonke zimene anazisandutsa ndende. Mmenemo munali amuna zikwizikwi. Ambiri sanali asilikali a masiku onse: anali aphunzitsi, madokotala, maloya, mainjiniya ndi ansembe amene anavala yunifomu chifukwa dziko lawo linawaitana. Janina anabisa dzina la bambo ake, popeza iwo anamenyanapo kale ndi anthu amene tsopano ankalamulira ku Moscow. M'ndendemo kupemphera kunali koletsedwa, koma iye ankathandiza nawo kukonza mapemphero mwakabisira.

Pa 5 Malichi 1940 mtsogoleri wa Soviet Union, Joseph Stalin, ndi anzake anasaina chikalata cholamula kuti akaidiwo aphedwe popanda kuwazenga mlandu. Ankaopa kuti anthu ophunzira chonchi akadzabwerera kwawo adzatsogolera Poland kukana ulamuliro wa Moscow. Apolisi achinsinsi otchedwa NKVD anachita zimenezi mu Epulo ndi Meyi. Anthu pafupifupi 22,000 anawomberedwa m'malo angapo, ndipo oposa 4,000 mwa iwo anafera m'nkhalango ya Katyn. Janina anaphedwa mu Epulo, m'masiku amene ankakwanitsa zaka 32. Pa asilikali onse ophedwa m'nkhalango imeneyo, wamkazi anali iye yekha. Patangopita miyezi iwiri, mng'ono wake Agnieszka anaphedwanso, koma iyeyo ndi asilikali a Germany, ku Palmiry pafupi ndi Warsaw. Ndikafika pamenepa mtima umandiwawa: ana awiri a nyumba imodzi, mmodzi kuphedwa ndi adani a kum'mawa, wina ndi a kumadzulo.

Makalata ochokera kundende anangosiya kufika. Akazi ndi ana a akaidi ambiri nawonso anakwezedwa m'mabogi a sitima mu Epulo 1940 n'kukatayidwa kutali ku Kazakhstan, kumene kunali njala ndi chisanu choopsa. Mu 1941 Germany itatembenukira Soviet Union, anthu a ku Poland ambiri anamasulidwa. Mu 1942 ena mwa iwo anatuluka pamodzi ndi gulu la nkhondo la Poland lotsogozedwa ndi Władysław Anders, nawoloka nyanja ya Caspian kukafika ku Iran. Kuchokera kumeneko amayi ndi ana oposa 18,000 anabwera ku Africa.

Mukuona mmene nkhaniyi ikutiyandikira? Mu 1943 ana a ku Poland 500, ambiri a iwo amasiye, anafika ku Oudtshoorn m'chigawo cha Cape, tauni yodziwika ndi nthiwatiwa, boma la Jan Smuts litavomera kuwalandira. Ena anakakhala m'misasa ya ku Tanganyika, Uganda ndi Southern Rhodesia. Ku Zambia ya lero kunali misasa ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ku Abercorn komwe lero ndi Mbala, ndiponso ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata, kufupi ndi Mchinji. Tangoganizani: mwana wobadwira kudziko la chipale chofewa, akudzuka m'mawa n'kumva anthu akupatsana moni m'Chinyanja! Inu amene mukukulira kutali ndi kwanu, mukuphunzira Chitswana pabwalo la sukulu pamene kunyumba mukuyankhula Chichewa, mukudziwako pang'ono mmene zimamvekera.

Manda a ku Katyn anatulukira mu Epulo 1943, asilikali a Germany atalanda deralo. A Soviet anakanitsitsa, n'kunena kuti opha anthuwo anali a Germany. Nkhondo itatha Poland inalamulidwa ndi boma lomvera Moscow, ndipo kunena zoona za Katyn kunkaika munthu m'mavuto. N'chifukwa chake anthu a ku Poland okhala kunja, monga amene anakhazikika ku South Africa, ankaimika zipilala m'mayiko a eni. Kwawo sizinkatheka. Moscow inadzavomera mlanduwo pa 13 Epulo 1990, nthawi ya Mikhail Gorbachev, patatha zaka 50.

Nanga Janina? Pofukula manda aja mu 1943, madokotala anatengapo zigaza zingapo kupita nazo mumzinda umene lero ukutchedwa Wrocław. Dokotala wina wa ku Poland, Bolesław Popielski, anazisunga mobisa kwa zaka zambirimbiri, osauza boma. Mu 2005 akatswiri anayerekeza chimodzi mwa zigazazo ndi zithunzi za Janina, napeza kuti n'chake. Mu Novembala chaka chomwecho anamuika m'manda mwaulemu wa asilikali ku Lusowo, m'mudzi womwe uja anakuliramo, pafupi ndi bambo ake.