Injini Yatsopano, Mapepala Akale: Zoyenera Kutsata Posintha Injini ya Pikapu

Pikapu ikayamba kufuka utsi ndi kulephera chitunda itanyamula matumba khumi okha a chimanga, mwini wake amathamangira kwa amakaniko. Kugalaja, kaya ku Ndirande kaya ku Biwi, malangizo amakhala amodzimodzi: "Bwana, injiniyi yatopa, tiikemo yaikulupo." Pa Toyota Hilux yakale, nthawi zambiri amachotsa injini ya dizilo ya 2L, ya malita 2.4, n'kuikamo 3L ya malita 2.8 kapena 5L ya malita 3.0. Zitatuzi n'zapachibale, choncho ntchito yake sivuta kwenikweni. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti galimoto ili ndi mbiri yake m'kaundula wa boma, ndipo injini ndi gawo la mbiriyo.

Galimoto iliyonse yolembetsedwa m'Malawi muno ili ndi bulubuku. M'menemo mumalembedwa mwini wake, mtundu wa galimoto, nambala ya chasisi ndi nambala ya injini. Zomwezi zimasungidwanso m'makompyuta a MalTIS ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, nthambi imene tonse timangoti ku Road Traffic, yomwe imagwira ntchito potsata lamulo la zapamsewu la 1997. Nambala ya injini ndi yodindidwa pachitsulo cha injiniyo. Wapolisi kapena woyeza galimoto akapukuta girizi ndi kansanza n'kupeza kuti nambala ya pachitsulo ikusiyana ndi ya m'bulubuku, funso lake loyamba limakhala lakuti injiniyi mwaitenga kuti. Funsoli n'lomveka, chifukwa akuba amaphwasula galimoto n'kumagulitsa ziwalo zake pachokhapachokha.

Choncho ntchito imayambira pogula, sipanala isanagwire nati. Musanapereke ndalama, werengani nokha nambala ya pachitsulo ndi kuonetsetsa kuti ndi yomweyo yalembedwa pa lisiti. Nambala ikaoneka yopalapala kapena yodindidwa kawiri, isiyeni injiniyo ngakhale mtengo utsike bwanji. Ngati injini yachokera kunja, monga zija za ku Japan zolowera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, pemphani mapepala a MRA, bungwe lotolera misonkho, osonyeza kuti msonkho unalipidwa. Ngati yachotsedwa m'galimoto ina ya konkuno, mwini wake alembe kalata yogulitsira, asayine, ndipo akupatseni fotokope ya bulubuku ya galimotoyo ndi ya chitupa chake cha unzika. Safunsa anadya phula.

Injini ikalowa, pitani ndi galimotoyo pamodzi ndi mapepala onse kupolisi kuti akafufuze ngati nambalayo siili pamndandanda wa katundu wobedwa. Akakhutira amakupatsani chikalata. Mukatero mupite ku Road Traffic, monga ku Ginnery Corner mu Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mukadziwitse kuti injini yasintha. Kumeneko amayang'ana galimoto, kusintha nambala ndi kukula kwa injini m'kaundula, n'kutulutsa mapepala ogwirizana ndi zimene zili pansi pa boneti. Ndalama lipirani pamalo ovomerezeka ndipo mutenge lisiti. Madobadoba oima pageti amalonjeza kufulumizitsa zinthu, koma pepala likadzapezeka lachinyengo, womangidwa ndinu, iwo atasowa kalekale.

Kuyeza kwa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sikungothera pa nambala. Woyeza amaona mabuleki, chiwongolero, matayala, nyali ndi utsi, ndipo apa m'pamene ntchito yachidule imaululika. Walira mvula walira matope: injini yamphamvu imabwera ndi zofuna zake. Imatentha kwambiri, ndiye rediyeta yakale ikhoza kuchepa mphamvu pokwera chitunda masana a mu Okutobala. Kilatchi ndi giyabokosi zimalandira mphamvu imene sizinazolowere. Ngati injini ndi yolemera kuposa yakale, kutsogolo kwa galimoto kumatsika ndipo matayala amadyeka mbali imodzi. Yang'anani zitsulo zokhazikapo injini: makaniko wina amangowotcherera tizidutswa tazitsulo, tomwe timathyoka mukagunda dzenje loyamba. Ofuna 1KZ-TE, injini ya turbo ya malita 3.0, adziwenso kuti imayendera kompyuta yake ndi mawaya ake, ndipo ntchito imeneyi imafuna wodziwa zamagetsi a galimoto.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza amalonda ambiri. Kukula kwa injini sikukweza mlingo wa katundu amene galimoto imaloledwa kunyamula. Mlingowo anauika opanga galimoto poyang'ana chasisi, masipuling'i, matayala ndi mabuleki, ndipo zonsezi zikadali zakale zija. Pikapu ya tani imodzi imakhalabe ya tani imodzi. Injini yatsopano ikhoza kukweza matumba 40 a makilogalamu 50 pachitunda cha Linthipe popanda kudandaula, koma amenewo ndi matani awiri, ndipo potsetsereka oimitsa katunduyo ndi mabuleki omwe aja.

Musaiwale a inshuwalansi. Lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwaonongera katundu. Pangano lanu ndi kampani ya inshuwalansi linalembedwa potengera galimoto monga inalili tsiku limenelo. Mukasintha injini osawauza, pakachitika ngozi akhoza kukana kulipira ponena kuti munabisa zoona. Alembereni kalata, aike chidindo pa kope lanu, ndipo muisunge.

Mapepala onsewa, kuyambira lisiti, za MRA, chikalata cha apolisi, bulubuku yatsopano mpaka kalata ya inshuwalansi, aikeni mu envelopu imodzi. Mudzawafuna powoloka malire kupita ku Chipata kapena ku Tete, komwe nambala zimafananitsidwanso. Mudzawafuna pogulitsa galimoto, chifukwa umwini sungasinthe bwinobwino nambala zikutsutsana. Ana anu adzawafuna pa chuma chamasiye. Ndipo injini yakale ija mukaigulitsa, nanunso lembani kalata yokhala ndi nambala yake, wogula asayine. Ikadzapezeka m'galimoto yokayikitsa, apolisi adzayambira kugogoda pakhomo pa amene dzina lake linalembedwa pambali pa nambalayo.